Momwe mungayesere kawerengedwe ka mabatani a kiyibodi mu firmware ya EC popanda kudina ndi chala

Mwasintha pang'ono mu `keyboard_scan.c`, mwalowetsa firmware mu bolodi, mwadina mabatani angapo, zilembo zatuluka bwinobwino, mwatumiza ntchito. Patapita masabata angapo madandaulo ayamba kubwera. Wina akuti akamalemba mothamanga chilembo chimodzi chikumatuluka kawiri, wina akuti akagwira mabatani atatu pakumatuluka chilembo chimene sanadine. Mavuto oterewa sagwidwa ndi chala, chifukwa amachitika m'kati mwa mamilisekondi 5 kapena 9, ndipo palibe munthu amene angadine batani kwa nthawi yofanana ndendende kawiri.

Ambiri amene amayesa kusiyira makina ntchitoyi amagwa pa malo amodzi: kiyibodi yonamizira imene amapanga imakhala yangwiro kuposa yeniyeni. Siinjenjemera, siisokoneza mizere, ndiye mayeso onse amadutsa ngakhale code ili yowonongeka. Malangizowa akutsatira firmware ya Chrome EC, imene imayendetsa EC (embedded controller, kachip kamene kamawerenga kiyibodi) mu ma Chromebook ndipo ndi imene anachokerako a Framework popanga EC ya malaputopu awo. Ngati yanu ndi ina, mayina a ma function asiyana koma ntchito ndi yomweyi.

## Zofunika kukhala nazo

- Kompyuta ya Linux yokhala ndi source ya `platform/ec`, makamaka m'kati mwa `cros_sdk`
- Schematic ya bolodi lanu, yoonetsa mizere ya KSI ndi mizati ya KSO
- Mndandanda wa malo a batani lililonse pa matrix (mphambano za mizere ndi mizati), kuchokera kwa amene anapanga kiyibodiyo
- Njira yolowera pa console ya EC: kabolodi ka servo, kapena waya wa Suzy-Q pa makina amene ali ndi CCD (Closed Case Debugging, njira yolowera pa console osatsegula makinawo)
- Logic analyzer, ngakhale yotsika mtengo yoyendera PulseView
- Chip ya 74HC4066 ndi kabolodi ngati Raspberry Pi Pico kapena Arduino, za sitepe yomaliza

Masitepe 1 mpaka 7 akufuna kompyuta yokha. Zida zinazo musazifulumirire.

## 1. Yambani mwayendetsa mayeso amene alipo kale

Musanalembe kalikonse, lowani mu `src/platform/ec` ndipo lembani:

```
make run-kb_scan
```

Lamuloli limamanga firmware ya bolodi lotchedwa `host`, lomwe ndi EC yonamizira yoyenda ngati pulogalamu wamba pa kompyuta yanu, kenako limayendetsa `test/kb_scan.c`. Ngati source yanu ndi ya makina atsopano ogwiritsa ntchito Zephyr, mayeso ali pansi pa `zephyr/test` ndipo amayendetsedwa ndi `twister`.

Chenjezo: ngati mayesowa akulephera musanakhudze kanthu, imani pomwepo mukonze zimenezo kaye. Mukapitirira, simudzadziwa ngati cholakwika ndi chanu kapena munachipeza.

## 2. Lembani papepala nambala zimene bolodi lanu limayendera

Tsegulani `keyscan_config`. Bolodi likapanda kusintha kanthu, nambala zake zimakhala izi: EC imadikira mamaikolosekondi 50 ikayatsa mzati isanawerenge mizere, imazungulira mizati yonse mamilisekondi 3 alionse, debounce (nthawi yopatsa batani mpata woti lisiye kunjenjemera) ya kudina ndi mamilisekondi 9, ya kusiya ndi mamilisekondi 30, ndipo mabatani onse akasiyidwa imapitiriza kuwerenga kwa mamilisekondi 100 isanabwerere kukagona n'kumadikira interrupt (chizindikiro choidzutsa batani likadinidwa). Matrix ya nthawi zonse ili ndi mizere 8 ndi mizati 13. Makina okhala ndi mabatani a manambala kumbali ali ndi mizati yoposerapo.

Onaninso `actual_key_mask`. Iyi imauza EC malo amene pali batani lenileni, chifukwa si mphambano iliyonse ya mzere ndi mzati imene ili ndi batani. Mukasankha malo opanda batani kuti muyeserepo, EC idzanyalanyaza, inu n'kutaya tsiku lonse mukufufuza vuto limene kulibe.

Chomaliza, fufuzani ngati `CONFIG_KEYBOARD_STRICT_DEBOUNCE` ndi yoyatsidwa. Ikakhala yozimitsa, EC imalengeza batani nthawi yomweyo ikangoona kusintha, kenako n'kutseka makutu mpaka debounce ithe. Ikakhala yoyatsidwa, imadikira kaye nthawiyo ithe ndiye n'kulengeza. Zimene mayeso anu ayenera kuyembekezera zimasiyaniratu pa njira ziwirizi, n'chifukwa chake pali `kb_scan` komanso `kb_scan_strict`.

## 3. Pangani kiyibodi yonamizira yokhala ndi zilema za yeniyeni

Apa ndiye pagona nkhani yonse, choncho musathamange.

Code yowerenga mabatani imafikira mawaya kudzera mu ma function awiri okha: `keyboard_raw_drive_column()` yoyatsa mzati, ndi `keyboard_raw_read_rows()` yowerenga mizere. Mukaika anu m'malo mwa awiriwa, code yonse ya pamwamba imayenda osadziwa kuti palibe kiyibodi. Njira yophweka ndi kusunga mndandanda wa mabatani odinidwa n'kubweza a mzati umene wayatsidwa. Vuto lake n'lakuti waya weniweni sachita choncho.

Makiyibodi ambiri a laputopu alibe diode pa batani lililonse. Batani likadinidwa limangolumikiza mzere ndi mzati, ndipo magetsi amadutsa mbali zonse ziwiri. Tiyerekeze kuti mwadina mabatani atatu: mzere 1 mzati 1, mzere 2 mzati 1, ndi mzere 1 mzati 2. EC ikayatsa mzati 2, magetsi amalowa mu mzere 1, amadutsa pa batani loyamba kupita mu mzati 1, kenako amatulukira mu mzere 2. EC imaona ngati batani la mzere 2 mzati 2 ladinidwa, chikhalirecho palibe walikhudza. Imeneyi ndiye ghosting, ndipo kiyibodi yanu yonamizira iyenera kuipanga yokha, osadikira kuti wolemba mayeso akumbukire kuikamo batani lachinayi ndi manja.

```c
static uint8_t mock_state[KEYBOARD_COLS_MAX];
static int column_driven;

void keyboard_raw_drive_column(int out)
{
	column_driven = out;
}

int keyboard_raw_read_rows(void)
{
	int c, rows = 0, kale;

	if (column_driven == KEYBOARD_COLUMN_NONE)
		return 0;

	if (column_driven == KEYBOARD_COLUMN_ALL) {
		for (c = 0; c < KEYBOARD_COLS_MAX; c++)
			rows |= mock_state[c];
		return rows;
	}

	rows = mock_state[column_driven];
	do {
		kale = rows;
		for (c = 0; c < KEYBOARD_COLS_MAX; c++)
			if (mock_state[c] & rows)
				rows |= mock_state[c];
	} while (rows != kale);

	return rows;
}
```

Gawo la `do` ndi `while` likutsatira magetsi kulikonse kumene angadutse: mzati uliwonse wogawana mzere ndi umene wayatsidwa umabweretsa mizere yake yonse, ndipo zimabwerezedwa mpaka pasakhalenso chatsopano.

Chenjezo loyamba: pa waya, batani lodinidwa limagwetsa mzere kufika pa 0, koma function iyi imabweza 1 pa mzere umene uli ndi batani lodinidwa. Driver ndi imene imatembenuza. Mukatembenuzanso inu, EC idzaona kiyibodi yonse itadinidwa.

Chenjezo lachiwiri: musaiwale `KEYBOARD_COLUMN_ALL`. EC ikamagona imayatsa mizati yonse pamodzi kuti batani lililonse liidzutse. Pa kompyuta palibe interrupt yeniyeni, ndiye mukadina batani lonamizira muyenera kuitana `task_wake(TASK_ID_KEYSCAN)` nokha.

Kumapeto kwina, ikani function yanu m'malo mwa imene imalandira zotsatira. Pa makina oyendera MKBP, imodzi mwa njira zimene EC imatumizira mabatani ku purosesa yaikulu, ndi `mkbp_keyboard_add()`. Makina a x86 amadutsira pa njira ina yotchedwa 8042 ndipo ali ndi mayeso awoawo, `kb_8042`. Musamangowerenga kuti yaitanidwa kangati. Koperaninso matrix imene yatumizidwa, kuti muzitha kufunsa kuti ndi batani liti, osati chabe ngati china chake chachitika.

## 4. Yesani debounce mbali zonse ziwiri

Batani lenileni likadinidwa silikhazikika nthawi yomweyo. Zitsulo zake zimagundana, kulekana, kugundananso kangapo. Lembani function yaing'ono imene imalandira mndandanda wa "dina, dikira chakuti, siya, dikira chakuti" n'kuusewera pa kiyibodi yonamizira. Kenako yesani izi:

1. Dina, siya pakatha milisekondi 1, dinanso, gwira. Chilembo chituluke chimodzi.
2. Gwira kwa nthawi, siya, dinanso mwachidule pakatha mamilisekondi 20, siya. Pasatuluke chilembo chatsopano, chifukwa tikadali m'kati mwa mamilisekondi 30.
3. Dina, siya, dikira mamilisekondi 40, dinanso. Zilembo zituluke ziwiri.
4. Dina batani lina pamene loyamba likadali mu debounce. Lachiwiri lisachedwetsedwe ndi loyamba.

Mayeso achitatu ndi amene amaiwalika kawirikawiri, ndipo ine ndimawaona kuti ndi ofunika kuposa oyamba aja. Munthu akalandira dandaulo la zilembo zotuluka kawiri amangokweza debounce, dandaulo n'kutha, osadziwa kuti wayambitsa lina: tsopano wolemba "mmene" kapena "mmawa" mofulumira akutaya m mmodzi. Popanda mayeso oletsa nambala kukwera mopyola, idzangokwerabe.

Chenjezo: EC imayang'ana kamodzi pa mamilisekondi 3 alionse, ndiye kunjenjemera kwa milisekondi 1 kungathe kugwera pakati EC osakuona n'komwe, mayeso n'kudutsa mwamwayi. Bwerezani mayeso amodzimodziwo mukusuntha poyambira pang'onopang'ono, mwachitsanzo ndi mamaikolosekondi 500 ulendo uliwonse, mpaka mutakwanitsa mamilisekondi 3 onse.

Podikira gwiritsani ntchito function ya EC yeniyeniyo, `msleep()` kapena `crec_msleep()` malinga ndi source yanu, osati ya Linux. EC yonamizira ili ndi wotchi yakeyake. Mukasakaniza mawotchi awiriwa, mayeso azidutsa pa laputopu yanu koma n'kumalephera pa seva ikatanganidwa.

Pali chinanso chokhudza wotchi. Code yowerenga mabatani imasunga nthawi mu nambala ya ma bit 32 yowerenga mamaikolosekondi, ndipo nambala yotere imadzaza n'kubwerera pa 0 pakatha mphindi pafupifupi 71 ndi theka. Kankhirani wotchi pafupi ndi malirewo pogwiritsa ntchito `force_time()`, dinani batani kutatsala mamilisekondi ochepa, muone ngati debounce ikutha bwino nambala itawoloka. Code yochotsera nthawi ziwiri imadutsa. Yoyerekeza kuti "iyi ndi yaikulu kuposa iyo" imagwa.

## 5. Yesani ghosting, ndiponso pamene siiyenera kugwira

Chrome EC imayerekeza mizati iwiriiwiri. Ikapeza mizati iwiri yogawana mizere iwiri kapena kuposerapo, imadziwa kuti singasiyanitse batani lenileni ndi labodza, ndiye imanyalanyaza zimene yawerenga ulendo umenewo. Ndi kiyibodi ya sitepe 3, dinani mabatani awiri, onani kuti alengezedwa, dinani lachitatu lopanga ngodya, ndipo tsimikizani kuti palibe chatsopano chatuluka. Kenako siyani lachitatulo muone kuti awiri oyamba aja akadali odinidwa, osati kulengezedwanso kachiwiri.

Mbali inayo ndi yofunikanso chimodzimodzi. Mabatani atatu a pa mzati umodzi si ghosting. Awiri a pa mizere ndi mizati yosiyana si ghosting. Atatu opanga ngodya imene kona yake yachinayi ilibe batani lenileni si ghosting, chifukwa `actual_key_mask` imafufuta malowo kuyerekeza kusanachitike. N'chifukwa chake Ctrl, Shift ndi Alt amaikidwa pa mizati yokhala ndi mabatani ochepa. Tengani mndandanda wa matrix yanu, mulembe mayeso oti Ctrl ndi Shift pamodzi ndi chilembo chilichonse zizidutsa, mbali ya kumanzere ndi ya kumanja yomwe. Akasintha kampani yopanga kiyibodi, mayeso amenewa ndi amene adzayambe kukuwa.

Dziwani kuti mukasintha kiyibodi yonamizira motere, mayeso ena akale amene ankadina mabatani atatu opanga ngodya angayambe kulephera. Awerengeni limodzi ndi limodzi musanaganize zobweza kusinthako.

## 6. Mabatani apadera: oyatsira makina ndi a pakati pa ntchito

Kulowa mu recovery pa Chromebook kumafuna Esc, Refresh ndi batani la Power. EC imawerenga mabataniwa ikungoyamba, mu `keyboard_scan_init()`. Choncho ayenera kukhala atadinidwa kale function imeneyi isanayende. Mayeso a mtunduwu amagawidwa m'magawo: gawo loyamba limasunga nambala ya gawo lotsatira mu scratchpad (malo osafufutika EC ikayambanso) n'kuyambitsanso EC yonamizira, `test_init()` imawerenga nambalayo n'kudina mabatani oyenera, ndiye gawo lachiwiri limafunsa `keyboard_scan_get_boot_keys()`.

Chenjezo: EC ikayambanso, ma variable anu onse amafufutika, kuphatikizapo `mock_state`. Komanso ikani reset flag yoyenera, chifukwa code imayang'ana chimene chachititsa kuti EC iyambenso isanavomereze mabataniwa.

A pakati pa ntchito ndi Alt, Volume Up ndi R oyambitsanso makina, ndi Alt, Volume Up ndi H a hibernate. Ikani zowerengera m'malo mwa ma function enieni, apo ayi mayeso anu adzadzizimitsa okha. Yesaninso ndi batani lachinayi lowonjezera: code imafuna mabatani atatu okha basi, kuti munthu amene watsamira kiyibodi ndi dzanja asayambitsenso makina ntchito yake isanasungidwe.

## 7. Kuzimitsa, kudzuka, ndi kuwononga code mwadala

Kuwerenga mabatani kumazimitsidwa pa zifukwa zingapo: chivindikiro chatsekedwa, chapindidwa kumbuyo ngati tabuleti, kapena batani la Power ladinidwa. Chifukwa chilichonse chili ndi bit yake mu `keyboard_scan_enable()`. Zimitsani ndi zifukwa ziwiri, chotsani chimodzi, kiyibodi ikhalebe chete. Chotsani chachiwiri, idzuke. Yesaninso kutseka chivindikiro batani lili chidinire. Mukatsegula lisapezeke litakanirira.

Pali kampata kena kakang'ono pamene mamilisekondi 100 aja atha ndipo EC ikuchoka pa kuwerenga kupita kukagona. Batani lodinidwa pa nthawi imeneyo lingatayike ngati code siiwerenganso mizere itayatsa interrupt. Dinani batani pa nthawi zosiyanasiyana mozungulira malirewo, ndipo pano musaitane `task_wake()` mwachisawawa, chifukwa kutero kumabisa vuto lomwe mukulifunalo. Idzutseni pokhapokha ngati interrupt inali yoyatsidwa pa nthawi imene munadina, zimene mungadziwe poika function yanu m'malo mwa `keyboard_raw_enable_interrupt()`.

Zonse zikadutsa, wonongani code mwadala. Ikani debounce pa 0. Pangitsani function yoyang'ana ghosting kuti izibweza 0 nthawi zonse. Dzazani `actual_key_mask` ndi `0xff`. Ulendo uliwonse mayeso ena ake ayenera kulephera. Ngati onse adutsa, gawo limenelo silikuyesedwa, kaya `make coverage` ikuonetsa nambala yokongola bwanji. Mukakhutira, ikani `make runhosttests` mu CI kuti iziyenda pa commit iliyonse.

## 8. Tsopano pitani pa bolodi lenileni

Mayeso a pa kompyuta sadziwa chilichonse za ma pin, ma pull-up kapena waya wa kiyibodi. Lowani pa console ya EC, lembani `ksstate on`, ndipo izisindikiza matrix pakasintha chilichonse. Kumbali ya Linux yendetsani `evtest` kuti muone chimene chikufika kwa wogwiritsa ntchito.

Lamulo la `kbpress` limadina batani kuchokera pa console, ndipo n'losavuta kulilowetsa mu script. Koma dziwani malire ake: limangowonjezera batanilo pa zimene EC yawerenga kale, silidutsa pa waya uliwonse. Lingakuuzeni ngati malo akuti akutulutsa chilembo choyenera, koma bolodi loduka mzati wonse lingadutse mayeso a `kbpress` osavuta. Samalaninso ndi dongosolo la manambala: la pa console limayamba ndi mzati, la `ectool kbpress` limayamba ndi mzere.

Kuti muyese waya weniweni, lumikizani switch imodzi ya 74HC4066 pakati pa mzere ndi mzati pa connector ya kiyibodi, ndipo Pico iziitsegula ndi kuitseka. Chip imodzi ili ndi ma switch anayi, okwanira kupanga ngodya ya ghosting. Onani kaye voteji ya ma pin a EC pa schematic, ndipo ground ikhale imodzi. Kenako jambulani ndi logic analyzer kunjenjemera kwa mabatani angapo a kiyibodi yeniyeni, makamaka yakale yogwiritsidwa ntchito kwambiri, mutenge nthawi zimenezo muziike mu mndandanda wa sitepe 4. Kuyambira pamenepo mayeso anu a pa kompyuta aziyendera zimene zinachitikadi pa chitsulo, osati zongoganizira.

Yang'anitsitsani mzati 2. Pa ma Chromebook ambiri KSO2 imadutsira pa chip ya chitetezo isanafike ku kiyibodi, ndipo imakhala yotembenuzidwa. Ndiyo ntchito ya `CONFIG_KEYBOARD_COL2_INVERTED`. Njira yotalikirapoyi imafuna nthawi yodikira yochulukirapo. Ngati mabatani a mzati 2 okha ndi amene akuvuta, kapena akuonekera pa mzati woyandikana nawo, yambani mwakayikira `output_settle_us`. Pa bolodi lomangidwa ndi `CONFIG_KEYBOARD_FACTORY_TEST`, lamulo la `ectool kbfactorytest` limafufuza ma pin amene agundana.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kusatsuka pakati pa mayeso. Batani limodzi likatsala lodinidwa, mayeso otsatira amalephera pa mlandu umene si wawo. Kumapeto kwa alionse fufutani `mock_state` ndipo dikirani kupitirira debounce ya kusiya.

Kulemba 9 ndi 30 m'kati mwa mayeso. Tengani nambalazi ku `keyscan_config`. Koma sungani mayeso amodzi okhala ndi nambala yolembedwa ndi manja, a zilembo ziwiri zotsatizana aja, chifukwa liwiro la zala za munthu silisintha bolodi likasintha.

Kuchiza mayeso osakhazikika powonjezera nthawi yodikira. Mayeso odutsa lero n'kulephera mawa nthawi zambiri akuloza wotchi yosakanizidwa kapena kampata keniyeni mu code. Kuwonjezera `msleep()` kuli ngati kuphimba dzenje la mumsewu ndi udzu.

Kuyesa kudina kokha. Batani lokanirira limapweteka kuposa lotayika, chifukwa limadzaza tsamba ndi chilembo chimodzi. Pa kudina kulikonse kumene mwayesa, tsimikizani kuti kusiya nakonso kwafika.

Kukweza debounce osayang'ana `SCAN_TIME_COUNT`. EC imakumbukira nthawi za maulendo 32 omaliza okha. Pa mamilisekondi 3 ulendo uliwonse, zimenezi sizifika mamilisekondi 100. Debounce ikatalika kuposa pamenepo, nthawi yoyambira imafufutidwa ndi yatsopano isanakwane, ndipo batani limakhala ngati lafa. Lembani mayeso ochulukitsa `scan_period_us` ndi 31 n'kutsimikiza kuti zotsatira zake n'zazikulu kuposa debounce zonse ziwiri, ndipo muwayendetse pa `keyscan_config` ya bolodi lililonse limene mumasamalira, osati ya `host` yokha.